Mwendo Wachisanu wa Tebulo

Chaka chimenecho nthaka inali ngati munthu wodwala msana, yosapeza mbali yogonera. Imati ikakhala bata masiku angapo, mwadzidzidzi yatembenuka, makapu m'kabati n'kuyamba kulankhulana okhaokha, babu la pabalaza n'kumapita uku ndi uku popanda wolikankha. Wailesi inkatchula mizinda kumene nyumba zagwa, ndipo mzinda wa lero unkakhala wapafupi kuposa wa dzulo. Anthu a m'nyumba ina yosanjikizana anafika pozolowera. Ena ankangogwira kapu kuti tiyi asatayike, nkhani n'kumapitirira. Kuzolowera kotero n'koopsa, musakutengere.

Amene anakana kuzolowera anali gogo wina wa pansanjika yachitatu. Anthu ankawatcha Agogo Samalani, chifukwa mawu amenewo ndiwo anali moni wawo komanso kutsanzika kwawo. Ukamatsika masitepe, samalani. Ukamakwera, samalani. Ngakhale utangokhala phee pampando, sankasowa chokuchenjeza.

Anabwera m'nyumbamo mwana wawo wamkazi atabereka kamwana kosakwana masiku, kamene onse ankangokatcha Kadontho. Mayi a Kadontho ankagwira ntchito kophikira buledi, bambo ake ankayendetsa basi, ndiye tsiku lonse mwanayo ankatsala ndi agogo. Koma agogowo anali awiri. Amayi a mkamwiniyo anali atafika kale, amuna awo atamwalira, ndipo anabwera ndi makina osokera, tebulo limene malemuwo anapala okha, ndi chithunzi cha malemuwo m'felemu yagalasi. Amenewa anali Agogo a Makina. Anali athupi, a mawu ochepa, ndipo anali ndi mwendo umodzi wotupa umene ankausanjika pakampando akamapuma. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi, kabedi ka Kadontho kali pakati, ndipo ankaitanana kuti asewere.

Tebulolo Agogo Samalani sankalikonda. Linali lalikulu kuposa balaza, lolemera ngati ng'ombe, la miyendo yonenepa, ndipo ngodya yake inkawagunda m'chiuno nthawi zonse akamapita kukhitchini.

"Asewere, amuna anu ankapangira anthu kapena njovu?"

"Ankapangira anthu oyenda akuyang'ana kutsogolo," ankayankha choncho Agogo a Makina, ulusi uli kumano.

Zivomerezi zitachuluka, Agogo Samalani anayamba kumanga. Anatola zidutswa za nsalu pansi pa makina n'kupota zingwe. Anamanga zitseko za kabati. Firiji anaimangirira ku chitsulo cha pawindo. Mapoto olemera anawatsitsira pansi, mabotolo a madzi anawandandalika kunsi kwa mabedi, ndipo nsapato za aliyense anaziika kumutu kwa bedi lake, chifukwa magalasi akasweka munthu wopanda nsapato amathera pakhomo pa chipinda chake. Pafupi ndi chitseko anaikapo chikwama chimene anathiramo tochi, matewera, mankhwala, bulangete ndi wezulo yogula kwa ogulitsa zidole.

"Amayi," anatero mkamwini tsiku lina akufuna madzi ozizira, "firijiyi mwaimanga ngati mbuzi. Ikufuna kuthawira kuti?"

"Pamsana panu, bambo. Masulani, imwani, mumangenso. Mfundo zikhale ziwiri."

Mkamwiniyo ankaseka, koma ankamanganso.

Kenako anthu a boma anadzamata pepala pakhoma la pamasitepe. Zilembo Agogo Samalani sankazidziwa, koma zithunzi ankaziwerenga kuposa aliyense. Panali kamunthu kogwada, kamunthu komweko katalowa pansi pa tebulo, ndiye kumapeto katakumbatira mwendo wa tebulolo. Zolembedwa anawawerengera ndi mwana wawo: nthaka ikamagwedezeka osathamangira kumasitepe, dikirani ileke.

Kuyambira tsikulo nyumba inasanduka sukulu. Lamlungu masana, anthu atakhuta, Agogo Samalani ankamenya chivundikiro cha poto ndi supuni. Aliyense agwade, alowe pansi pa tebulo, agwire mwendo, ndipo anene mokweza kuti wagwira, kuti iwo adziwe kuti palibe wotsala.

"Ndagwira mwendo!" ankatero mayi a Kadontho, mwana ali pachifuwa.

"Ndagwira mwendo, bwana!" ankatero mkamwini, mutu utagunda thabwa.

Agogo a Makina ankangopitiriza kupalasa makina awo.

"Asewere, chivomerezi!"

"Chiuzeni chidikire, ndikumaliza mpendero."

"Bwerani mudzagwire mwendo."

"Ine? Chibadwire sindinagwirepo mwendo wa munthu kuti andikhululukire, ndiye ndikayambire tebulo? Ndalilakwira chiyani?"

Onse anaseka pansi pa tebulo pomwepo, ndi Agogo Samalani omwe. Masiku amenewo ankasekabe limodzi.

Chimene chinawononga zinthu ndi chithunzi chija. Chinali pakhoma, pamwamba penipeni pa kabedi ka Kadontho, pa msomali umodzi wopindika. Nthaka ikatembenuka malemuwo ankapendekeka, ngati akusuzumira mdzukulu wawo. Agogo Samalani anapempha kuti chichotsedwe. Anapemphanso. Yankho linali lomwelo: msomaliwo anakhoma ndi mwana wa kalipentala, sungazuke.

Tsiku lina asewere atapita kukagula ulusi, Agogo Samalani anasiya Kadontho pabalaza n'kukwera pampando. Musamakwere pampando popanda wokugwirirani, makamaka ngati mawondo anu anayamba kale kulira. Chithunzi chinali cholemera kuposa mmene ankachionera. Chinawapulumuka n'kumenya chitsulo cha bedi. Galasi linamwazika, ndipo chidutswa china chinang'amba tsaya la malemu kuchokera pakhutu mpaka pakamwa.

Agogo a Makina atabwera anaima pakhomo, ulusi uli m'manja. Pamenepo mnzawo akanangoti pepani, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mantha akakupanikiza pachifuwa, pakamwa pamatuluka zina.

"Ndinakuuzani," anatero Agogo Samalani. "Munthu wakufa asatiphere wamoyo."

Agogo a Makina anawerama movutikira, anatola chithunzicho, anachipukuta ndi diresi lawo, n'kuchiika m'dirowa ya makina.

Mawu akuti asewere anathera tsiku lomwelo. Zonse zinayamba kudutsa mwa Kadontho, amene anali asanadziwe n'komwe kunena kuti mama.

"Kadontho, uwauze agogo ako enawo kuti madzi awo awira."

"Kadontho, uwauze kuti ndamva. Uwauzenso kuti sizasi asamaisiye m'mphepete."

Mkamwini anasiya nthabwala zake. Amayi ake anayamba kubweza mbale chakudya chisanathe, ndipo iye ankaona. Lachitatu mayi a Kadontho anawakokera amayi awo kukhitchini n'kutseka chitseko. Ankanunkhira buledi, ufa udakali m'nsidze.

"Amayi, nyumba ino ndi yaing'ono. Anthu awiri osalankhulana sangakwanemo. Mukapepese."

"Ndipepese chifukwa chochotsa galasi pamutu pa mwana wako?"

"Za galasi palibe akudandaula. Ndi mawu aja."

"Mawu aja ndi bodza?"

"Amayi, mundimvere. Mukapanda kupepesa, Loweruka achimwene abwera kudzakutengani. Talankhulana kale. Kwawo n'kwabwino, nyumba yapansi, yopanda masitepe. Muzikagona tulo."

"Nanga Kadontho?"

"Kadontho atsala ndi agogo ake enawo."

Nyumba yapansi! Agogo Samalani anadziona ataima pabwalo la mwana wawo wamwamuna, nthaka ikugwedezeka, iwo ali bwinobwino, pamene Kadontho ali m'mwamba kutali ndi munthu wouza chivomerezi kuti chidikire. Ndani azimanganso firiji mkamwini akaiwala? Ndani azisintha madzi a m'mabotolo? Ndani azidziwa kuti mwanayu akaopa salira, amangouma ngati kamtengo, ndipo uyenera kumuuzira kumaso kuti apume? Tulo ta kunyumba yapansi sankatifuna.

Lachinayi anayesa. Anakaima pafupi ndi makina, manja kumbuyo, mawu atawakonza bwinobwino. Makina anasiya kulira. Asewere anadikira osadzutsa mutu. Agogo Samalani anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Samalani singanoyo."

Makina anayambanso kulira.

Lachisanu dzuwa litakwera Agogo Samalani anayamba kupinda zovala zawo, misozi ikudonthera pa nsalu. Achinyamata anali kuntchito. Kadontho ankakwawa pabalaza akukoka kachingwe, asewere ali pamakina.

Choyamba anamva agalu a mumsewu. Kenako phokoso ngati lole ikulowa kunsi kwa nyumba. Ulendo uno makapu sanalankhulane, anakuwa. Pansi panapita kumanzere, makoma kumanja, wotchi n'kudumpha pakhoma.

Ndipo Agogo Samalani, amene anaphunzitsa nyumba yonse, anaiwala zonse. Anatola Kadontho n'kuthamangira kuchitseko. M'mutu mwawo munatsala mawu amodzi okha: panja. Anakoka chitseko, masitepe n'kuoneka akuvina m'fumbi. Phazi limodzi linali litatuluka kale pamene dzanja linawagwira lamba wa diresi kumbuyo.

"Mukupita naye kuti mwanayo? Pepala lanu lija linati chiyani?"

Dzanja limene lakhala likukoka nsalu moyo wake wonse silitaya chinthu msanga. Agogo a Makina anawakokera mkati chafutambuyo, anamenyetsa chitseko, anawakankhira pansi pa tebulo, iwonso n'kudziponyera momwemo, mwendo wotupa uja osaufunsa n'komwe. Kuseri kwa chitseko kunagwa chinthu chachikulu, ndipo fumbi linalowera pansi ngati utsi.

Agogo Samalani anatsinzina. Dzanja limodzi linapanikiza Kadontho pachifuwa, lina linkapapasa. Linapeza mwendo wonenepa n'kuukumbatira.

"Ndagwira mwendo!" anakuwa. "Ndagwira mwendo! Mayo ine, ndagwira mwendo!"

Pamwamba pawo pankagwa zibenthu za siling'i, babu, mphika wa maluwa. Tebulo linkangolandira, du, du, osasuntha. M'kabati mbale zinkamenya zitseko kufuna kutuluka, koma zingwe zinakana. Firiji inayenda pang'ono, chingwe n'kuibweza.

"Ndagwira mwendo!"

"Ndamva, asewere," anatero mawu pafupi ndi khutu lawo. "Ndamva. Zatha zimenezo, ndakhululuka. Koma musafinye kwambiri, ndi wotupa uja."

Apo m'pamene anazindikira kuti mwendowo unali wofunda. Anatsegula diso limodzi. Miyendo ya tebulo inali m'malo mwake, ndipo umodzi Agogo a Makina anali ataukumbatira ndi manja onse awiri, ndendende ngati kamunthu ka papepala kaja. Nthaka inali ikunjenjemerabe. Agogo Samalani anatsinzinanso, ndipo mwendo wofundawo sanausiye.

Bata litabwera, Kadontho anali atauma gwa, maso ali tong'oo. Agogo Samalani anamuuzira kumaso. Mwana anakoka mpweya n'kulira, kulira kwamphamvu kwa mwana amene sanavulale paliponse. Anamufufuza mutu, timanja, timiyendo, wina akuyamba uku wina uko, mpaka zala zawo zinakumana pamchombo.

Anakatenga nsapato kumutu kwa mabedi, poti pabalaza ponse panali magalasi. Agogo a Makina anatseka gasi, chinthu chimene mnzawo anachinena kambirimbiri koma tsopano anali atachiiwala. Atatsegula chitseko anaona chimene chinagwa chija. Khoma la pamasitepe, lomwe lija linali ndi pepala, linali litagwera pakhomo pawo penipeni, njerwa mulu kufika m'mawondo. Agogo Samalani anayang'ana muluwo, anayang'ana phazi lawo, n'kukhala pansi.

"Dzukani, mukakhalira panja," anatero asewere. "Tengani chikwama chanu chija, lero nachonso chione dziko."

Agogo Samalani anaimba wezulo ija. Wometa tsitsi wa pansanjika yachiwiri anaimva, n'kukwera ndi mwini golosale ya pansi. Anawaolotsa panjerwapo mmodzimmodzi, Kadontho poyamba. Anthu onse anasonkhana pabwalo loimika magalimoto, kutali ndi makoma. Wina anali ndi thaulo lokha, sopo ali m'khutu. Wina anathawa ndi ketulo n'kusiya foni. Ovulala analipo, koma onse ankayenda okha. Chikwama chinatsegulidwa, matewera anapita kwa mwana wa nsanjika yachinayi, bulangete linafunda amayi ake a wometa tsitsi. Tochi yokha ndiyo inakana kuyaka. Mabatire Agogo Samalani anali atawachotsamo kuti asathe, n'kuwasunga m'kabati yomanga ija.

"Ndi masana, asewere, musadandaule," anatero Agogo a Makina. "Tikuonana."

Mayi a Kadontho anafika akuthamanga, epuloni ili m'chiuno, nsapato imodzi itatsala panjira. Mkamwini anafika pambuyo pake, basi ataisiya pamene inaimira. Anamulanda mwana, anamupsompsona, anamubweza, anamulandanso. Kenako mkamwiniyo anakwera pang'ono kukasuzumira masitepe, ndipo atabwerako anangowagwira amayi onse awiri pamapewa.

"Muwaimbire achimwene anu asawononge mafuta mawa," anatero Agogo a Makina kwa mpongozi wawo. "Amayi anu andigwira mwendo. Nyumba yonse yamva."

Mayi a Kadontho anatembenuka. "Zoona, amayi?"

Agogo Samalani anangogwedeza mutu. Nkhani inali itadzithera yokha, iwo osataya kanthu. Kadontho anali wawo, chipinda chinali chawo. Koma achinyamata atapita kukathandiza anthu ena, awiriwo n'kutsala atakhala pachitsulo cha m'mphepete mwa bwalo, Agogo Samalani anatembenukira kwa mnzawo.

"Asewere."

"Ee."

"Ine ndimayesa wa tebulo."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Tebulo lija bambo ake a mwana wanga analipanga ndi miyendo inayi, ine ndikuona. Inu munaisiya yonseyo n'kukapeza wachisanu. Koma mutamva kuti ndi wofunda, munausiya?"

"Sindinausiye."

"Ndiye mukufunanso chiyani?"

Agogo Samalani anapukuta fumbi kumaso ndi chikhatho, matope n'kutsala m'masaya.

"Ndinati wakufa asatiphere wamoyo. Lero wakufayo watifungatira tonse atatu pansi pa thabwa lake. Ndipo inu mwandibweza pakhomo, mwana ali m'manja. Ndikanapita naye, asewere. Ine amene. Pepani. Zikomo. Sindikudziwa kuti ndiyambe ndi ati."

Agogo a Makina anayang'ana nyumbayo kwa kanthawi, pawindo lawo pamene chingwe cha firiji chinkaonekera.

"Msomali uja unazuka," anatero. "Ndaona pokatenga nsapato. Pulasitala yense wa pamenepo wagwa, mungoona dzenje." Anakhosomola, n'kutambasula mwendo. "Yambani ndi kundisisita apa. Zala zanu zidakali momwemo."

Anthu a zipewa zolimba atayendera nyumbayo n'kunena kuti ikhoza kukhalidwa, achimwene aja anabwerabe Loweruka. Anapatsidwa fosholo. Anatuta njerwa tsiku lonse, anamwa tiyi, n'kubwerera okha, mpando wakutsogolo uli wopanda munthu.

Zivomerezi sizinathe, ndipo musamvere wokuuzani kuti zatha. Agogo a Makina anamasula zingwe zopota zija n'kusoka malamba enieni, a nsalu yolimba, okhala ndi zokowera, kuti mkamwini wa anzawo, yemwe ndi mwana wawo, asamavutike ndi mfundo. Chithunzi anachimata tsaya kuseri, n'kuchisokera felemu yansalu yopanda galasi. Anachipachika m'munsi, pamene Kadontho akaimirira amafika, ndipo malemuwo tsopano amakhala ndi zala za phala pachipumi. Mabatire anabwerera mu tochi. Tebulo Agogo Samalani amalipukuta okha m'mawa uliwonse, pamwamba ndi miyendo yomwe, ndipo ngodya ikawagunda m'chiuno amangoti, "Zikomo bambo, ndamva kuti mulipo."

Lamlungu lotsatira chivundikiro chitalira, woyamba kulowa pansi pa tebulo anali Agogo a Makina. Anapinda mwendo wotupa uja n'kuufunditsa bwinobwino ndi diresi.

"Kadontho," anatero, "uwauze agogo ako enawo kuti wa tebulo uli kumanzere kwawo."

"Ndiuzeni nokha, asewere, ndili pompano," anayankha Agogo Samalani akukwawira mkati. "Ndipo samalani mutu."